Ntchito yotsatsa malonda: ndipite ku Johannesburg kapena ku Nairobi?

Mwana wa ku Bembeke

Akuluakulu ndi anzanga, ndikupempha nzeru kwa inu amene munagwirapo ntchito yotsatsa malonda kunja kwa dziko lino. Kwathu ndi ku Bembeke m'boma la Dedza, koma ndimagwira ntchito ku Lilongwe pa kampani ina yaing'ono, kumene ndimalemba mawu a malonda a pawailesi, a pazikwangwani ndi a pa Facebook. Zambiri mwa zimene ndimalemba ndi za m'Chichewa, monga timasewero tatifupi totsatsa mbewu ndi feteleza mvula ikamayandikira, mauthenga a mabanki ndi a makampani a lamya, komanso a mabungwe omwe si aboma okhudza katemera ndi ukhondo.

Ntchitoyi ndimaikonda, koma chigwereni mphamvu ndalama ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, makasitomala ambiri anachepetsa ndalama zotsatsira malonda, ndipo malipiro anga sakufikanso pomwe mitengo ya zinthu yafika. Mayi anga amadalira mbatata ya kachewere, imene chaka china imapindulitsa pamene chaka china imangobweza za feteleza, ndipo fizi ya abale anga aang'ono awiri ndimalipira ndine. Nditafunsira ntchito kunja, makampani awiri andiyankha. Yoyamba ili ku Johannesburg, ndi yaikulu, koma ikufuna kundilemba pa udindo wotsika kuposa umene ndili nawo pano. Yachiwiri ili ku Nairobi, ndi yocheperapo, ndipo ikunena kuti ndizikalemba mauthenga a mabungwe a zaumoyo ogwira ntchito m'mayiko angapo.

Ndikufuna kudziwa mmene tsiku la ntchito limayendera m'mizinda iwiriyi poyerekeza ndi Lilongwe, mmene zitupa zogwirira ntchito zimapezekera, ndiponso ngati pamatsala kanthu kotumiza kumudzi munthu akalipira lendi ndi msonkho. Koma chimene chikundisowetsa tulo kwenikweni ndi chakuti luso langa lonse lagona pa Chichewa ndi pa kuwadziwa anthu athu, ndipo ndikuopa kukakhala mlendo wopanda chopereka pakati pa anthu olankhula zilankhulo zawo.

Mayi wa ku Lizulu, ali ku Johannesburg

Mng'ono wanga, ndiyamba ndi zitupa chifukwa pamenepo ndi pamene Amalawi ambiri amagwera. Mmalawi amaloledwa kulowa m'dziko la South Africa ngati mlendo kwa masiku 30 popanda viza, ndipo makampani ena amakonda kunena kuti bwerani kaye muyambe ntchito, mapepala tikonza muli konkuno. Musavomere zimenezo. Malamulo a kuno salola mlendo wodzacheza kusintha n'kukhala wantchito ali m'dziko muno, choncho pempho lanu liyenera kuperekedwa muli ku Malawi, ndipo amene wapitirira masiku ake amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu. Satifiketi zanu ziyenera kuyamba zapimidwa ndi bungwe la SAQA loona za maphunziro kuno, pamafunikanso kalata ya apolisi ndi ya dokotala, ndipo kuyambira mu Okutobala 2024 boma limawerengera mapointi potengera maphunziro anu, zaka zimene mwagwira ntchito ndi kukula kwa malipiro amene akulonjezani. Apa ndi pamene udindo wotsika uja ukundidetsa nkhawa, chifukwa malipiro akachepa mapointi nawo amachepa. Afunseni mosabisa kuti ndi viza yamtundu wanji imene akuganiza, ndani alipire, ndipo kodi analembapo kale munthu wochokera kunja.

Za ntchito yeniyeniyo, kusiyana kwakukulu ndi kwathu n'kwakuti kuno munthu mmodzi sagwira zonse. Ku Lilongwe kapena ku Blantyre wolemba mawu yemweyo ndi amene amakakumana ndi kasitomala, amasaka ochita sewero, amakakhala mu situdiyo, kenako n'kukalondola cheke chimene chachedwa. Kuno wolemba amapatsidwa mnzake wojambula ndipo awiriwo amagwira limodzi, pamwamba pawo pali mkulu woona za luso, pambali pali ofufuza za ogula, ogula malo pawailesi ndi pa kanema, ndi ena olankhula ndi kasitomala. Ola lililonse limene mwagwira mumalilemba mu kompyuta pansi pa dzina la kasitomala, chifukwa ndi maola amenewo amene kampani imagulitsa. Poyamba zimapweteka kuona ganizo limene mwalivutikira likukanidwa ndi anthu asanu motsatizana lisanafike n'komwe kwa mwini malonda, koma ndi kukanidwa komweko kumene kunandiphunzitsa kulemba mutu wa nkhani maulendo ambiri mpaka utakhwima. Lamulo limanena maola 45 pa sabata, koma pakakhala mpikisano wolimbirana kasitomala watsopano anthu amaweruka usiku ndipo Loweruka silidziwika. Okutobala ndi Novembala ndi miyezi yowawa chifukwa cha malonda a Black Friday ndi a Khirisimasi, kenako makampani ambiri amatseka pakati pa Disembala mpaka kumayambiriro kwa Januwale, ndipo imeneyo ndiyo nthawi yathu yobwera kumudzi.

Pa nkhawa yanu ya chilankhulo sindikunamizani. Dziko lino lili ndi zilankhulo 12 zovomerezeka ndi boma, ndipo malonda okoma kwambiri a pawailesi amalembedwa m'Chizulu, m'Chisotho, m'Chiafrikaans kapena m'chisakanizo cha m'tauni chimene mlendo sangachigwire msanga. Ntchito imeneyo simudzapatsidwa. Mudzalemba m'Chingerezi, ndipo mudzapikisana ndi achinyamata amene anakulira m'nthabwala za konkuno. Dziwaninso kuti pa malamulo a B-BBEE otukula nzika zakuda pa chuma, amene makampani amawasamala kwambiri pofuna ntchito za boma ndi za makampani akuluakulu, munthu wakuda wochokera kunja sawerengedwa mofanana ndi nzika, ndiye pa kukwezedwa udindo mlendo amayenda pang'onopang'ono. Mwayi wathu uli pa makasitomala amene malikulu awo ali kuno koma amagulitsa ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique, monga mabanki ndi masitolo akuluakulu. Pamisonkhano yotere munthu amene amadziwa kuti mlimi wa kwathu amagwira ndalama akagulitsa mbewu, kuti wailesi imafika kumene intaneti siifika, ndi kuti chithunzi chojambulidwa ku Sandton, dera la anthu olemera mu Johannesburg, sichimugwira mtima mayi wa pa Lizulu, amamvedwa.

Pa ndalama, chenjerani ndi chiwerengero chimene chili pa kalata. Makampani a kuno amakonda kutchula ndalama zonse zimene adzawononge pa inu, kuphatikizapo penshoni ndi inshulansi ya kuchipatala, ndiye mukachotsa zimenezo, msonkho wa boma ndi 1 peresenti ya UIF (thumba lothandiza amene ntchito yawathera), chofika m'manja chimatsika kwambiri. Apempheni akuwerengereni ndalama yeniyeni yolowa ku banki. Maofesi ambiri a ntchito yathu ali cha ku Sandton, Rosebank ndi Bryanston, kumene lendi ndi yokwera, ndipo mzinda uno unamangidwira anthu a galimoto. Sitima ya Gautrain ndi yabwino ndi yosunga nthawi, koma imathandiza amene akukhala pafupi ndi siteshoni zake zochepa, pamene maminibasi a kuno amaimitsidwa ndi zizindikiro za zala zimene muyenera kuphunzitsidwa ndi munthu. Kuzizira kwa Juni ndi Julayi inu a ku Bembeke simungakuope, ngakhale nyumba zambiri zilibe chotenthetsera.

Chotsiriza ndi chimene tonse timachidziwa. Mu Meyi 2008 anthu oposa 60 anaphedwa pa ziwawa zodana ndi alendo zimene zinayambira ku Alexandra, pafupi kwambiri ndi Sandton yemweyo, ndipo zinabukanso mu 2015 ndi mu 2019. Muofesi simudzaona mwala, koma mu minibasi mudzaphunzira kutsitsa mawu poyankha foni ya kwanu. Ine ndinazolowera, koma sindinganene kuti n'zopepuka.

Bambo wa ku Linthipe, ali ku Nairobi

Mlongo wanga, zimene anena mayiwa n'zoona, ndipo pa luso lenileni la ntchito yathu Johannesburg ali patsogolo. Mphotho za otsatsa malonda za Loeries, zimene zinayamba mu 1978 ndipo tsopano zimalandira ntchito zochokera mu Africa monse ndi ku Middle East, ndi za kumeneko, ndipo makampani a kumeneko ndi amene amatenga zambiri. Komabe pa nkhani yanuyi ine ndikuona kuti Nairobi ndi amene akufanana ndi zimene muli nazo kale m'manja.

Mzinda uno ndi likulu la mabungwe awiri a United Nations, UNEP ndi UN-Habitat, ku Gigiri, ndipo mabungwe ambiri a zaumoyo ndi zaulimi anaika kuno maofesi oyang'anira mayiko a chigawo chino. Iwowa safuna mawu onyezimira opambanira mphotho. Amafuna munthu amene anakhalapo pansi pa mtengo ndi amayi a kusikelo kuyesa ngati uthenga wamveka, amene amadziwa kuti mfumu ndi alangizi a zaumoyo akapanda kuumva uthengawo ndiye kuti wafera panjira, ndiponso amene angalembe sewero la mphindi imodzi lomveka pa wailesi ya m'mudzi ngati ija ya kwanu ku Bembeke. Zimene mukuziona ngati zazing'onozo kuno n'zosowa, chifukwa achinyamata ambiri a m'maofesi athu anakulira m'tauni ndipo amalembera anthu a pa foni.

Chilankhulo nachonso sichidzakuvutani ngati mmene Chizulu chingakuvutireni. Chiswahili chimayenda mofanana ndi Chichewa m'kapangidwe ka ziganizo, ndipo Mmalawi wakhama amayamba kumva zokambirana pasanathe nthawi yaitali. Chovuta ndi Sheng, chilankhulo cha achinyamata a mu Nairobi chimene chimasintha chaka ndi chaka, ndipo malonda a lamya ndi zakumwa amadalira chimenecho. Ntchito imeneyo asiyireni eni ake.

Tsiku la ntchito kuno limalamulidwa ndi msewu. Maofesi ambiri ali ku Westlands, Kilimani ndi Upper Hill, ndipo amene amadutsa Thika Road, Mombasa Road kapena Waiyaki Way amadzuka kusanache kuti apewe mdipiti wa galimoto. Msewu wam'mwamba wolipira umene unatsegulidwa mu 2022 unathandiza a galimoto zawo, koma wokwera matatu (maminibasi a kuno) amakhalabe pamzere. Langizo langa ndi lakuti mupeze kachipinda kakang'ono koyenda wapansi kupita kuntchito, ngakhale kakhale kodula, m'malo mwa nyumba yaikulu yakutali. Anthu a kuno amathamanga pa chilichonse, kasitomala amatumiza zosintha pa WhatsApp usiku n'kuyembekezera yankho, ndipo pafupifupi aliyense muofesi ali ndi kabizinesi kake kapambali. Ndalama zimayenda pa M-Pesa, njira yotumizira ndalama pa foni imene Safaricom inayambitsa mu 2007, kuyambira lendi mpaka tomato. Ogula a kuno salekerera pa intaneti: kampani ikatulutsa uthenga wonyoza kapena wosaganizira bwino, pofika madzulo imakhala itadzudzulidwa ndi anthu masauzande, ndipo zionetsero za achinyamata zokana lamulo la misonkho mu Juni 2024 zinasonyeza makampani onse mphamvu imene mafoni amenewa ali nayo. Zimenezi zimamuphunzitsa wolemba kusamala mawu alionse.

Zitupa nazo si zapafupi. Mudzafunika pemiti yogwirira ntchito ya Class D, imene kampani ndiyo imapempha, ndipo iyenera kusonyeza kuti luso lanu silikupezeka mosavuta pakati pa Akenya ndi kutchula Mkenya amene adzaphunzire ntchitoyo kwa inu. Mtengo wake unakwezedwa kwambiri mu 2024, choncho kampani yaing'ono ikhoza kufuna kukudulani pa malipiro. Zimenezo zikanidwe ndipo zilembedwe mu kontirakiti. Pa malipiro amadula msonkho, 1.5 peresenti ya thumba la boma lomangira nyumba ndi 2.75 peresenti ya inshulansi ya boma ya zaumoyo. Tchuthi ndi masiku 21 a ntchito pa chaka, kuposa ku South Africa kumene masiku 21 amawerengedwa motsatizana pamodzi ndi Loweruka ndi Lamulungu. Koma funsani bwino kuti ntchito ya mabungweyo ikudalira thandizo la zaka zingati, chifukwa ndalama za opereka thandizo zikaima, monga zinachitikira ndi thandizo la boma la America kumayambiriro kwa 2025, makampani odalira kasitomala mmodzi amachotsa anthu mwezi womwewo, ndipo pemiti yanu imathera pomwepo chifukwa ndi yomangidwa pa kampaniyo.

Chimene Johannesburg amatiposa n'chakuti Amalawi kumeneko ndi ambiri, pali mipingo yathu, pali magulu othandizana pa maliro, pali mabasi opita kwathu sabata iliyonse, ndiponso kutumiza ndalama kudzera ku Mukuru n'kosavuta. Kuno ndife ochepa, ndipo ulendo wodalirika wa kumudzi ndi wa pandege.

Mkulu wa ku Tsangano

Mwana wanga, ine ndinagwira ntchito yogulitsa nthawi ya malonda pawailesi ku Blantyre mpaka kupuma, ndipo kunja sindinakhaleko, choncho za mizindayo ndasiyira anzanuwa. Ndingowonjezapo ziwiri.

Choyamba, musaiwale Lusaka. Kuchokera ku Lilongwe kudzera pa Mchinji ndi Chipata ndi ulendo wa tsiku limodzi pa basi, ndipo Chinyanja ndi chimodzi mwa zilankhulo zikuluzikulu za malonda mumzindamo. Chinyanja cha m'tauni ya Lusaka n'chosakanikirana ndi Chibemba ndi Chinsenga, ndiye mudzayenera kutchera khutu, koma ndi mzinda wokhawo waukulu wakunja kumene cholembera chanu chingagwire ntchito m'chilankhulo chanu kuyambira tsiku loyamba. Ngakhale simunalandire kalata yochokera kumeneko, tumizaniko ntchito zanu musanasankhe.

Chachiwiri ndi cha kumudzi. Ife a ku Ntcheu ndi Dedza ulendo wa ku Joni sitiuyamba lero. Azibambo athu anapita ku migodi kudzera ku Wenela ndi Theba, mabungwe olemba anthu ntchito za kumeneko, ndipo ulendowo unaimitsidwa kwa kanthawi mu 1974 ndege itagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Ena mwa amene anapita anabwera ndi njinga, malata ndi makina osokera, koma ena anatchona, ndipo mabanja awo sanaone ngakhale kalata. Amene ankabwerera ndi kanthu kawirikawiri anali aja amene gawo la malipiro awo linkasungidwa kuti akalandirire kwawo. Inunso musananyamuke khalani pansi ndi mayi anu ndi amalume anu, mugwirizane ndalama imene muzitumiza mwezi uliwonse ndi ntchito yake, kuti fizi ikhale fizi ndipo feteleza akhale feteleza, chifukwa mukangowoloka malire mudzi wonse udzayesa kuti mwalemera. Penshoni yanu ya kuno, imene inu mwakhala mukuikamo 5 peresenti ndipo abwana anu 10 peresenti, muisiye bwino ndi mapepala ake. Ndipo pa kampani imene mukuchokayo tsazikani mwaulemu, pakuti ntchito yathuyi ku Malawi ndi ya anthu ochepa odziwana, ndipo tsiku lina mudzafuna kalata yawo kapena makasitomala awo.

Mwana wa ku Bembeke

Zikomo kwambiri akulu anga, achimwene ndi inu bambo. Ndawalembera onse awiri mafunso amene mwandipatsa. A ku Nairobi ayankha kuti pemiti alipira okha, koma avomera kuti ntchito ya zaumoyoyo ili pa mgwirizano wa zaka ziwiri ndi bungwe limodzi. A ku Johannesburg anena kuti pa malipiro amene akupereka viza ya ntchito wamba ikhoza kuvuta, ndipo aganiza zoti ndiyambe ndalembedwa ndi kampani ya gulu lawo lomwelo ya m'dziko lina, kenako adzandisamutsire kumeneko. Akulu anga a ku Lizulu, kodi njira imeneyi ndi yoona, kapena ndi ija mwandichenjeza?

Mayi wa ku Lizulu, ali ku Johannesburg

Njirayo ndi yoona, mng'ono wanga, ndipo ili m'malamulo. Ndi viza yosamutsira wantchito kuchoka ku nthambi ina ya kampani kupita ku nthambi ya ku South Africa. Muyenera kukhala mutagwira ntchito ku nthambi yakunjayo kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, makampani awiriwo akhale a banja limodzi moonekeratu pa mapepala, ndipo pamafunika dongosolo losonyeza mmene mudzaphunzitsire nzika luso lanu. Viza imeneyi imafika zaka zinayi ndipo siwonjezedwa, ndiye ngati maganizo anu ndi okaphunzira ntchito n'kubwerera kudzatsegula zanu ku Lilongwe, ndi yokwanira, koma ngati mukufuna kukhazikika, si njira yake. Chimene chikundikayikitsa n'chakuti viza yotere imapangidwira munthu wobweretsa luso, pamene iwo akufuna kukuikani pa udindo wotsika, ndipo woona mapepala ku unduna woona za viza wa Home Affairs akhoza kufunsa funso lomwelo. Auzeni alembe dzina la nthambiyo, dziko lake, malipiro a miyezi yoyambayo ndi chimene chidzachitike viza ikakanidwa.

Nditamva bwino zimene achimwene a ku Linthipe afotokoza, ndikuvomereza kuti pa ntchito imene mwakhala mukugwira, Nairobi akukulandirani ndi zimene muli nazo, pamene kuno mudzayamba ngati wophunzira. Ndikanakhala inu ndikanatenga zaka ziwiri za ku Nairobi, koma ndikanapempha kuti mu kontirakiti mulembedwe kuti gawo lina la nthawi yanga ndizigwira za makasitomala a malonda enieni, monga banki kapena kampani ya zakudya, kuti mgwirizano wa bungwe lija ukadzatha ndisadzakhale ndi ntchito za mtundu umodzi zokha zoonetsa. Munthu wochokera ku Nairobi ndi ntchito za mayiko angapo amalowa kuno pa udindo wapamwamba ndi malipiro okwanira mapointi a viza. Pakadali pano yambani kusonkhanitsa zonse zimene munalembapo, timasewero ta pawailesi tija tikhale ndi mawu ake a Chingerezi pansi kuti akunja amve chimene chinkaseketsa kapena kugwira mtima, ndipo satifiketi zanu muzitumizebe ku SAQA chaka chino, chifukwa kupimako kumatenga nthawi ndipo mudzakufuna pa ulendo wachiwiriwo.